Thanos ndi masamu ake a theka la anthu

Pali mawu amene afala pakati pa achinyamata okonda mafilimu a Marvel, kuyambira ku America komwe mafilimuwo amapangidwa mpaka m'tinyumba toonetsera vidiyo ta ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, akuti Thanos ankanena zoona. Ena amawayankhula mwanthabwala, pomwe ena amawayankhula nkhope ili gwa, ngati munthu amene watulukira chinsinsi chomwe akuluakulu akhala akubisa. Makolo ambiri akamva dzinali amangoti ndi zibwana za pakanema, nkupitiriza zomwe amachita. Ine ndikuona kuti mawuwa ngofunika kuwayankha, chifukwa chomwe anawo akuvomereza si chachibwana ayi. Akuvomereza kuti njira yothetsera njala ndi kuperewera kwa zinthu padziko ndiyo kuchotsapo theka la anthu.

Popeza kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiyambe ndalongosola nkhaniyo monga ilili m'filimu, kuti kholo lomwe silidaionepo lidziwe chimene mwana wake akunena. Filimuyo ndi Avengers: Infinity War, yomwe idatuluka m'chaka cha 2018 motsogozedwa ndi anthu awiri apachibale, Anthony ndi Joe Russo. Thanos, yemwe mbali yake adasewera Josh Brolin, ndi chimphona chochokera ku dziko lotchedwa Titan. Kwawoko, malinga ndi kufotokoza kwake, anthu adachulukana mpaka chakudya chidayamba kuperewera. Iye adapereka maganizo oti theka la anthu liphedwe pochita maere, osayang'ana kuti uyu ngolemera, uyu ngosauka. Anzake adamutcha wamisala, ndipo patapita nthawi dzikolo lidasanduka bwinja. Kuyambira pamenepo adayamba kuyenda ndi asilikali ake dziko ndi dziko, kundandalika anthu m'magulu awiri ndi kupha gulu limodzi. Ataona kuti ntchitoyo ikuchedwa, adayamba kusakasaka miyala isanu ndi umodzi yamphamvu zodabwitsa, yoti akaiika yonse pa golovesi yake yachitsulo angoliza zala kamodzi, theka la zamoyo zonse lifafanizike.

Ana athu adazolowera kuti ngwazi ya m'filimu ikamenyedwa chotani, pamapeto imadzuka nkugonjetsa mdani. Apa sizidatero. Thanos adaipeza miyala yonse, adaliza zala, ndipo Black Panther, Spider-Man, Doctor Strange ndi ena ambiri adasanduka fumbi oonera akupenya. Filimu idatha chimphonacho chitakhala pakhonde la kanyumba kake, chikuyang'ana dzuwa, chikumwetulira ngati mlimi amene wamaliza kukolola.

Kuti anthu ambiri amuikire kumbuyo sizidangochitika mwangozi. Olemba filimuyi, Christopher Markus ndi Stephen McFeely, sadabise kuti adaimanga ngati ulendo wa Thanos mwiniwake: iye ndiye ali ndi cholinga, iye ndiye akukumana ndi zopinga, iye ndiye akutaya chamtengo wapatali kuti afike pomwe akufuna. Sakuwa, sasekerera kuzunzika kwa anthu, safuna chuma kapena mpando. Amayankhula modekha ngati nkhalakale ya pabwalo la milandu, amalemekeza adani ake, ndipo penapake amagwetsa misozi. Chachikulu kuposa zonsezi nchakuti, kupatula mawu awiri atatu a Gamora ndi Doctor Strange, palibe amene akumutsutsa ndi mfundo. Ngwazi zonse zikumuyankha ndi zibakera, nyundo ndi nkhwangwa. Mnyamata wa Folomu 3 amene wangophunzira kumene m'kalasi za kuchulukana kwa anthu ndi kuguga kwa nthaka akatuluka m'kanyumba ka vidiyo, amakhala atamva mbali imodzi ikupereka zifukwa, mbali inayo ikungomenya. Nkosadabwitsa kuti amaganiza kuti wazifukwayo ndiye wanzeru.

Maganizowa adakula msanga. M'mwezi wa July 2018, gulu la okonda filimuyi pa Reddit, lomwe dzina lake lenilenilo linkanena kuti Thanos sadalakwe kanthu, lidachita maere nkuchotsa theka la mamembala ake, anthu opitirira 300,000, potsanzira kuliza zala kuja. Zidali zoseketsa, ndipo ochotsedwawo adaseka nawo. Eni kampani ataona kuti nkhaniyi ikugulitsa malonda, adayamba kuithirira mchere. Mu Avengers: Endgame ya 2019, Captain America akunena kuti waona anamgumi mumtsinje wa Hudson popeza madzi ayera ndipo sitima zachepa. M'sewero la The Falcon and the Winter Soldier la 2021 muli gulu lokhulupirira kuti moyo udali bwino theka la anthu litachoka. M'sewero la Hawkeye la chaka chomwecho, mawu oti Thanos ankanena zoona akuoneka atalembedwa m'chimbudzi komanso pa kapu ya tiyi. Ndipo filimu ya Eternals itaulula kuti kuchuluka kwa anthu ndiko kumadyetsa chilombo chomwe chikukula m'mimba mwa dziko lapansi, omuikira kumbuyo adaimba m'manja, amvekere mwaona, munthu uja ankatipulumutsa.

Ndisanapitirire, nditchule kuti si maganizo onse oikira kumbuyo adani a m'mafilimu amene ali ofanana. Ambiri amanenanso kuti Killmonger wa mu Black Panther ankanena zoona, ndipo apo ndimawamvetsa. Dandaulo lake, loti zinthu za makolo a anthu a mu Africa zidalandidwa nkukaikidwa m'nyumba zosungiramo zakale ku London, ndi loti dziko lolemera lidakhala chete abale ake akuzunzika, lili ndi maziko m'mbiri yeniyeni. Matenda adawaona bwino, mankhwala ndiwo adasankha oipa. Thanos ndi wina. Iye adalakwitsa kuyambira poyeza matenda pomwe.

Nkofunika kudziwa komwe maganizo akewo adachokera. Thanos adamupeka ndi mlembi komanso wojambula Jim Starlin, ndipo adaonekera koyamba m'mabuku a nthano za zithunzi m'chaka cha 1973. Dzina lake adalitenga ku Thanatos, mawu a Chigiriki otanthauza imfa. M'nthano ya The Infinity Gauntlet ya 1991, momwe filimuyi idatapamo zambiri, cholinga chake chachikulu popha theka la zamoyo chidali kukondweretsa Imfa, yomwe idajambulidwa ngati mkazi amene Thanos adamugwera m'chikondi. Opanga filimu adamuchotsa mkaziyo, nkuika patsogolo nkhani ya chakudya ndi kuchulukana. Chochitika nchomwecho, mitembo njomweyo. Chomwe chidasintha ndi chovala. Ali wofunsira Imfa palibe adamutcha wanzeru. Atavala mwinjiro wa katswiri wa zachuma, anthu adayamba kugwedeza mitu movomereza.

Mwinjirowo ngobwereka kwa Thomas Malthus, m'busa wa ku England yemwe m'chaka cha 1798 adalemba kuti chiwerengero cha anthu chimakula mowirikiza, 2, 4, 8, 16, pomwe chakudya chimakula pang'onopang'ono, 1, 2, 3, 4, kotero kuti njala, miliri ndi nkhondo zidzakhala zikubwera kudzachepetsa anthu. Tisamunamizire, Malthus sadauze munthu kuti aphe mnzake. Adalangiza kuchedwa kukwatira. Koma adatsutsa thandizo lomwe boma linkapereka kwa osauka, poti limawalimbikitsa kubereka. Pa nthawi yomwe ankalemba, padziko lonse padali anthu pafupifupi 1 biliyoni. M'mwezi wa November 2022 bungwe la United Nations lidalengeza kuti tafika 8 biliyoni, ndipo chakudya chomwe chimalimidwa pa munthu mmodzi lero nchochuluka kuposa cha m'masiku ake. Sadaone kuti kudzabwera Fritz Haber ndi Carl Bosch, omwe adapeza njira yopangira feteleza kuchokera ku mpweya, kapena Norman Borlaug ndi mbewu zake za tirigu zobereka kwambiri. Ankawerenga pakamwa, osawerenga manja ndi mitu zomwe zimabadwa pamodzi ndi pakamwapo. Vuto lomwe dziko lili nalo tsopano ndi lina: bungwe la FAO lidayerekeza mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse chomwe anthu amalima limaonongeka kapena kutayidwa.

Okonda mafilimu ena, omwe sagwirizana ndi Thanos, adafunsa funso lomwe ngakhale mwana wa Sitandade 5 atha kulifunsa. Ngati golovesiyo ikutha kuchita chilichonse, bwanji sadangowirikiza chakudya, minda ndi madzi? Omuikira kumbuyo amayankha kuti sizikadathandiza, chifukwa anthu akadachulukanabe nkumaliza zowonjezerazo. Sadziwa kuti yankho limeneli likugwetsa nyumba yawo yomwe. Ngati anthu atha kuchulukana nkumaliza chakudya chowirikiza, athanso kuchulukana nkubwerera pa chiwerengero chakale. Dziko lidali ndi anthu 4 biliyoni mu 1974, ndipo lidafika 8 biliyoni patangopita zaka 48. Kuno kwathu kalembera wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni, pomwe wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Ndiye kuti chimphonacho chidapha anthu osawerengeka kuti chigule zaka zosakwana moyo wa munthu mmodzi, kenako nkuphwanya miyala ija kuti pasadzapezeke wobwerezanso. Munthu wotcha zimenezi masamu ndiye kuti sadakhale m'kalasi.

Palinso china chomwe anthu openyetsetsa adatulukira. Mkulu wa Marvel Studios, Kevin Feige, atafunsidwa ngati nyama ndi zomera zidakhudzidwa, adavomera kuti lidali theka la zamoyo zonse. Endgame ikutsimikiza zomwezo, chifukwa chizindikiro choyamba chakuti ochoka aja abwezedwa ndi mbalame zomwe zikuoneka mumtengo. Inu a m'mbali mwa nyanja muweruze nokha. Akachotsa theka la asodzi pamodzi ndi theka la chambo, usipa ndi utaka, msodzi wotsalayo wapindula chiyani? Ndipo maere sadziwa kuti uyu ndi namwino, uyu ndi woyendetsa basi yomwe ili pa liwiro, uyu ndi mayi woyamwitsa. Kumapeto kwenikweni kwa Infinity War tikuona galimoto zikuombana ndi helikoputa ikugwera pa nyumba chifukwa oyendetsa asanduka fumbi. Omwalira mwa njira imeneyo sadali m'gulu la theka lija, ndipo Thanos sadawawerengeko.

Umboni wake waukulu nawo ngokayikitsa. Akuuza Gamora kuti kwawo kwa mtsikanayo, atapha theka la anthu, ana obadwa pambuyo pake amagona okhuta. Filimu sikutionetsa dzikolo. Tikungomva m'kamwa mwa wakuphayo. Koma amene adaonetsetsa Guardians of the Galaxy ya 2014 akukumbuka kuti apolisi a Nova atamugwira Gamora, zolemba zawo zidasonyeza kuti ndiye yekha wotsala mwa mtundu wake. Kaya olemba adaiwala zomwe adalemba kale, kaya adachitira dala, pa bwalo lililonse mboni yodzichitira yokha umboni siilandiridwa.

Tsopano tituluke m'filimu, chifukwa funso lakuti njala imabwera bwanji lidayankhidwa kale ndi zochitika zenizeni. Agogo athu amasimba za njala ya 1949. Nthawi imeneyo Nyasaland yense adali ndi anthu osafika 3 miliyoni, malo adalipo, nyanja idali yodzaza nsomba, koma anthu adafa. Megan Vaughan, yemwe adafufuza njalayo m'boma la Blantyre, adapeza kuti mabanja okhala ndi munthu wolandira malipiro adapulumuka, pomwe amayi omwe amuna awo adawathawa ndiwo adavutika kwambiri. Njala ya 2002 ambirife tidaiona ndi maso, ndipo tikukumbuka kuti idapeza chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, mitengo pamsika nkukwera kuposa momwe munthu wa kumudzi akadakwanitsira.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri nchaku Bengal, chigawo cha India ya atsamunda momwe anthu ambiri adali Asilamu. Mu 1943 kudafa anthu pafupifupi 3 miliyoni. Amartya Sen, yemwe adaiona njalayo ali mwana ndipo adadzalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 1998, adasonyeza kuti chakudya chomwe chidalipo m'chigawocho chaka chimenecho chidali chochuluka kuposa cha 1941, chaka chomwe kudalibe njala. Chomwe chidasintha ndi mtengo wa mpunga, womwe udakwera chifukwa cha nkhondo, malipiro a aganyu osakwera. Kuwonjezera apo, boma la Britain, poopa kuti asilikali a Japan angagwiritse ntchito mabwato a m'mitsinje, lidalanda ndi kuononga mabwato zikwizikwi. Asodzi adali m'gulu la anthu omwe adafa kwambiri. Nsomba zidalimo m'madzi, mpunga udalimo m'nkhokwe za amalonda, koma msodzi wopanda bwato adalibe njira yofikira ku chilichonse mwa ziwirizi. Kuchotsa theka la anthu a ku Bengal sikukadabweza bwato ndi limodzi lomwe.

Omuikira kumbuyo amakonda kunena kuti Thanos ngwachilungamo popeza maere ake sasankha. M'dziko lenileni, maganizo oti anthu achuluka akafika m'manja mwa olamula, maere sachitika. Ku India, pakati pa 1975 ndi 1977, boma la Indira Gandhi litaimitsa ufulu wa anthu, abambo mamiliyoni adatsekedwa kuti asaberekenso, ambiri mokakamizidwa, ndipo ogwidwawo adali a m'midzi ndi m'makomboni osauka. Ku China lamulo la mwana mmodzi, lomwe lidagwira ntchito kuyambira 1980 mpaka 2015, lidagwera kwambiri ana aakazi, kotero kuti kalembera wa 2020 adapeza amuna oposa akazi ndi anthu opitirira 30 miliyoni. Ndipo ndaona kuti mnyamata aliyense wonena kuti Thanos ankanena zoona amadziika m'gulu la otsala. Sindidamvepo ndi mmodzi yemwe akunena kuti iye, mayi ake ndi mlongo wake ndiwo akhale fumbi kuti a khomo loyandikana adye bwino.

Apa mpomwe nkhaniyi ikukhudza chikhulupiriro chathu, ndipo sindingapalambalale. Kuti apeze mwala wina, Thanos adauzidwa kuti ayenera kutaya munthu amene amamukonda. Adagwira Gamora, mtsikana amene adamulera ngati mwana wake, nkumuponya kuphompho pa malo otchedwa Vormir, misozi ili m'masaya. Ambiri amati apa mpomwe pakuoneka kuti munthuyu ngoona mtima, popeza naye adaluza. Kwa Msilamu chithunzichi si chachilendo. M'nyengo ya umbuli, Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Mulungu apite kwa iye) asadatumidwe, ena mwa Aluya ankapha ana awo poopa umphawi, ena ankakwirira ana aakazi ali moyo. Sitikuuzidwa kuti onsewo adali anthu opanda chisoni. Nkutheka kuti ena ankalira pokumba dzenjelo, ndipo ankadziuza kuti akupulumutsa otsala. Qur'an yolemekezeka idaletsa mchitidwewu mu Surah Al-An'am ndi Surah Al-Isra, ndipo chifukwa chomwe idapereka nchakuti wopereka rizq kwa mwana ndi kwa kholo lomwe ndi Allah. Misozi ya wakupha siichepetsa imfa ya wophedwa. M'filimu momwemo Gamora akukana kuti chimenecho si chikondi, koma nyimbo zachisoni ndi nkhope ya chimphonacho zimaphimba mawu ake, oonera nkumvera chisoni woponya m'malo mwa woponyedwa.

Mbiri yathu ili ndi mtsogoleri amene adakumana ndi vuto lomwelo la anthu ambiri, chakudya chochepa. M'chaka cha 18 cha Hijrah, mu ulamuliro wa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye), chilala chidagwa ku Arabia mpaka nthaka idaoneka ngati phulusa, ndipo chakacho chimatchedwa Chaka cha Phulusa. Anthu a m'chipululu adakhamukira ku Madina. Umar adakhazikitsa malo ophikira chakudya cha onse, adalembera abwanamkubwa a m'zigawo kuti atumize thandizo, adaimitsa kutolera Zakaat chaka chimenecho, ndipo iye mwini adalumbira kuti salawa nyama kapena mafuta a mkaka mpaka anthu atapeza bwino. Olemba mbiri amanena kuti adali wokonzeka, zinthu zikafika poipa, kulowetsa m'nyumba iliyonse anjala ofanana ndi chiwerengero cha eni nyumbayo, poti munthu safa chifukwa chodya theka la mbale. Naye ankagawa pakati, koma ankagawa chakudya, ndipo adayamba ndi mbale yake.

Sindikunena kuti kuchuluka kwa anthu si nkhani. Aliyense amene adagawirapo ana asanu munda womwe bambo ake adalima yekha akudziwa kuti malo sakula. Za kutalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake, Mashehe akhala akukambirana ndi mabanja, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mwamuna ndi mkazi wake, yosiyana kutali ndi kuchotsa moyo womwe ulipo kale. Sindikukananso kuti nsomba zachepa. Chambo chomwe tinkadya tili ana osaganiza za mtengo, lero chasanduka ndiwo ya alendo olemekezeka. Koma amene akudziwa mbiri ya nyanja ya Malombe akudziwa kuti chambo chidatha kumeneko pamene makoka a maso ang'onoang'ono adayamba kukokolola tiana ta nsomba ndi kupala udzu wa pansi pomwe nsomba zimaswerana. Onjezani maneti a udzudzu omwe adasanduka makoka, ndi kupha nsomba nyanja ili yotseka. Chiwerengero cha manja chili ndi gawo lake, koma chomwe manjawo agwira chili ndi gawo lalikulu.

Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ya dzinja, kuyambira December mpaka kutsegulanso mu April, ndipo zida zoononga siziloledwa. Asodzi amachoka pachilumbapo onse, wolemera ndi wosauka, nsomba nkuswana mwamtendere, ndipo akabwerera amapeza utaka wonenepa womwe mbiri yake idafika kutali. Njira imeneyi njovuta kuposa kuliza zala. Imafuna misonkhano, mikangano, kulipitsa chindapusa mwana wa mlongo wako, ndi kupirira miyezi inayi m'thumba muli mbee. Filimu ya maola awiri ndi theka singakhale ndi chipiriro choonetsa zimenezo, ndipo palibe angalipire pakhomo kuti aonere komiti ya pagombe ikukambirana za kukula kwa maso a ukonde. Nchifukwa chake pakanema timapatsidwa munthu mmodzi wamphamvu, woganizira onse popanda kufunsa aliyense.

Kwa makolo anzanga amene mungafune kungoletsa ana kuonera, ndinene kuti filimuyi idapanga ndalama zoposa madola 2 biliyoni padziko lonse, ndipo ili m'mafoni ndi m'mamemore khadi momwe dzanja lanu silifika. Mwana amene mwamuletsa adzaonera kwa mnzake, nkusunga maganizo akewo mumtima. Kuli bwino kumufunsa kuti afotokoze chifukwa chomwe akuti Thanos ankanena zoona, mumumvetsere mpaka amalize, kenako mumufunse kuti pa anthu omwe akhala pamkekapo ndani achoke. Mumuuzenso kuti aonere filimu yachiwiri mwachidwi chomwe adaonera yoyamba, chifukwa ambiri omuikira kumbuyo amaima pa Infinity War ngati kuti nkhani idathera pakhonde paja.

Endgame ikutionetsa dziko patapita zaka zisanu. Palibe paradizo. Bwalo lalikulu la masewero ku New York lili pululu, zombo zaunjikana pagombe popanda oziyendetsa, misewu yadzaza zinyalala, ndipo anthu akukhala m'timagulu kuyesa kuphunzitsana momwe angapitirizire moyo. Anamgumi aja akutchulidwa m'chiganizo chimodzi, ndipo wouzidwayo, Black Widow, sakusangalala nazo. Pamene Thanos wazindikira kuti otsala sakumuthokoza, koma akufuna kubweza abale awo, sakunena kuti mwina ndidalakwitsa poyeza. Akusintha cholinga: tsopano aphwanya chilengedwe chonse, apange china chatsopano chodzaza ndi anthu osadziwa chomwe adataya, oti azimuyamika. Nkhani ya chakudya yathera pomwepo. Chomwe chimamuwawa kuyambira pachiyambi nchakuti anthu a ku Titan adamutcha wamisala, ndipo ankafuna dziko loti limuuze kuti iye ndiye adali wolondola.

M'filimu yomweyo muli kachigawo kena komwe sikatchulidwa kawirikawiri pa mikangano imeneyi. Scott Lang, yemwe ana amamudziwa kuti Ant-Man, adali atatsekeredwa kwina pa zaka zisanuzo, ndipo akubwerera ku San Francisco osadziwa chomwe chachitika. Akupeza bwalo lodzaza ndi miyala italiitali, ndipo pa mwala uliwonse palembedwa mayina a anthu osowa, mzere ndi mzere. Akuthamanga kuchoka pa mwala uwu kupita pa uwo, chala chikutsata zilembo, kufunafuna dzina limodzi lokha, la mwana wake wamkazi Cassie. Sakulipeza. M'malo mwake akupeza lake lomwe. Akuthamangira kunyumba, akugogoda, ndipo akumutsegulira ndi mtsikana wamkulu amene adamusiya ali kamwana, yemwe wakhala zaka zisanu akudziwa kuti bambo ake adasanduka fumbi.